Lamulo Lilipo Kuyambira 1972, Nanga Ana Athu Akuferanji Kuseri?

Ndani mwa ife, kuno ku Tamanda kapena m'tauni ya Chipata, anaonapo filimu imene mtsikana wa kwathu akulowa m'chipatala cha boma masanasana, n'kuuza dokotala kuti mimba imene ali nayo sangaikwanitse, dokotalayo n'kumupatsa mpando, kumumvetsera mpaka amalize, kenako n'kumuuza zimene lamulo la dziko lino likunena? Tikufunsa chifukwa zimene maso athu anazolowera ndi zina. Mwana wa sukulu, kanyumba ka mdima kumapeto kwa mudzi, gogo wa maso ofiira, chikho cha mankhwala akuda bii, kenako mfuu wa maliro ndi mlaliki akuchenjeza za malipiro a tchimo. Mafilimu a ku Nigeria amene timapatsirana pa memori khadi, ena omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a ku Malawi, masewero a kusukulu, masewero a achinyamata kumpingo, onsewo amaponda njira imodzi. Mtsikana walakwa, mtsikana wafa, nkhani yathera pomwepo. Nanga mwamuna amene anapereka mimbayo amakhala ali kuti pamene bokosi likutsitsidwa m'manda? Bwanji kamera simulondola iyeyo?

Kumaiko ena opanga mafilimu akhala akuikumba nkhaniyi mpaka kumizu, ndipo mphotho zikuluzikulu zagwera komweko. Vera Drake ya Mike Leigh inapambana ku Venice mu 2004. 4 Months, 3 Weeks and 2 Days ya Cristian Mungiu wa ku Romania inatenga Palme d'Or ku Cannes mu 2007. Happening ya Audrey Diwan, yochokera m'buku la Annie Ernaux, inapambananso ku Venice mu 2021. Mu 2022, chaka chimene khoti lalikulu la ku America linafafaniza chigamulo cha Roe v. Wade chimene chinkalola kuchotsa mimba, kunatuluka mafilimu awiri, Call Jane ndi The Janes, onse ofotokoza za gulu la amayi a ku Chicago amene ankathandiza anzawo kuchotsa mimba mobisa kuyambira 1969 mpaka 1973. Mayi wothedwa nzeru ankaimba foni n'kufunsa Jane, dzina limene silinali la munthu aliyense. Poyamba amayiwo ankaperekeza anzawo kwa bambo wina amene ankamuyesa dokotala. Atatulukira kuti bamboyo analibe pepala lililonse la udokotala, anaphunzira ntchitoyo okha n'kutsitsa mtengo. Anathandiza amayi pafupifupi 11,000. Mu 1972 apolisi anagwira amayi 7 a gululi, koma milandu yawo inathetsedwa chigamulo cha Roe chitatuluka mu Januwale 1973.

Mafilimu onsewa akugwirizana pa chinthu chimodzi: amayi ankazembera kuseri chifukwa lamulo linali litatseka khomo la kumaso. Ku London ya Vera Drake mu 1950 kunali kotseka. Ku France ya Happening mu 1963 kunali kotseka. Ku Romania, Nicolae Ceaușescu analetsa kuchotsa mimba mu 1966 pofuna kuti anthu achuluke, ndipo pofika 1989, pamene ulamuliro wake unagwa, amayi pafupifupi 10,000 anali atafa nazo zobisazo. Woonera amatuluka m'chipinda cha kanema ndi ganizo losavuta, loti lamulo likangosintha nyumba za mdima zidzatsekeka zokha.

Tsono ife a ku Zambia tinene chiyani? Lamulo lathu la Termination of Pregnancy Act linakhazikitsidwa mu 1972, m'nthawi ya Kenneth Kaunda, chaka chomwecho chimene amayi a Jane ankakwezedwa m'galimoto ya apolisi ku Chicago. Limalola dokotala kuchotsa mimba m'chipatala ngati kupitiriza nayo kungaike moyo wa mayi pachiswe, kungavulaze thupi lake kapena maganizo ake, kungavulaze ana amene ali nawo kale, kapena ngati pali chiopsezo chachikulu choti mwanayo adzabadwa ndi ulumali waukulu. Limanenanso kuti poganizira zimenezi madokotala angathe kuona msinkhu wa mayiyo ndi mmene akukhalira. Mu 2005 Penal Code inakonzedwa kuti inene mosabisa kuti mwana wamkazi amene watenga mimba chifukwa chogwiriridwa angathe kuthandizidwa motsatira lamulo lomwelo. Maiko a mu Africa muno amene anali ndi lamulo lotere mu 1972 anali owerengeka. Zaka zoposa 50 zapita. Bwanji zipatala zathu zikulandirabe atsikana otaya magazi, otentha thupi, ena chiberekero chitabooka, amene sanadziwe n'komwe kuti khomo la kumaso linalipo?

Kafukufuku wina amene anachitika m'zigawo za Lusaka, Central ndi Copperbelt, n'kusindikizidwa mu 2016, anapeza kuti amayi 16 okha pa 100 alionse ndiwo ankadziwa bwino zifukwa zimene lamulo limalola. Ngati zili choncho m'zigawo za m'mbali mwa njanji, kodzaza mawayilesi ndi manyuzipepala, kuli bwanji ku Vubwi, ku Chadiza, ku Chipangali? Mbali ya chilango aliyense amaidziwa. Ngakhale mwana wa Giredi 7 angakuuzeni kuti wotaya mimba amamangidwa, ndipo n'zoonadi kuti mayi wodzichotsera yekha kunja kwa lamulo akhoza kukhala kundende zaka 14. Mbali ya chithandizo ndiyo inasowa woilengeza. Anaibisa ndani? Kodi ndi unduna wa zaumoyo umene ukuopa mabishopu? Kodi ndi aphungu amene akuopa kutaya mavoti? Kapena ndife tonse, amene tinaona kuti kukhala chete n'kwaulemu kuposa kunena? Lamulo limene eni ake sakulidziwa likuteteza yani?

Ndipo ngakhale mtsikanayo atalidziwa, akalipeza kuti? Lamulo la 1972 limafuna kuti madokotala atatu asaine, mmodzi mwa iwo akhale katswiri, pokhapokha ngati ili ngozi yadzidzidzi pamene dokotala mmodzi amakwanira. Amene analemba zimenezi anatengera lamulo la ku Britain la 1967, limene limafuna madokotala awiri, iwo n'kuwonjezerapo wachitatu, m'dziko limene pa nthawiyo madokotala anali osowa kwambiri. Zipatala zing'onozing'ono za kumidzi zimayendetsedwa ndi anamwino, azamba ndi ma clinical officer. Madokotala atatu pamalo amodzi mungawapeze pa chipatala chachikulu monga Chipata Central Hospital. Mwana wa zaka 15 wa kumalire kuno adzauza yani kuti akufuna ndalama yokwerera galimoto kupita ku Chipata, ndipo adzati akukatani? Unduna wa zaumoyo unatulutsa malangizo mu 2009 ndi mu 2017 ofuna kupeputsa zinthu, olola kuti azamba ndi ma clinical officer ophunzitsidwa bwino azipereka chithandizochi mimba ikadali yaing'ono. Koma siginecha zitatu zija zidakali m'buku la malamulo, ndipo ogwira ntchito m'zipatala sanaiwale kuti mu 2012 boma linaimitsa bungwe la Marie Stopes kupereka chithandizochi pa nkhani ya siginecha zomwezo. Namwino amene anamva zimenezo, mungamudzudzule akamachita mantha?

Apa filimu ya Vera Drake ikunena zoona zimene zikutikhudza. Mmenemo muli mwana wamkazi wa banja lolemera limene Vera amakagwirako ntchito ya m'nyumba. Mtsikanayo atagwiriridwa, akulipira madokotala apamwamba, akupatsidwa makalata oyenera, akugonekedwa pabedi loyera, n'kubwerera kwawo wopanda chilema. Atsikana osauka ndiwo akudikira Vera, wochotsa mimba mobisa, ndi chikwama chake. Kodi kwathu kuno n'kosiyana? Mwana wa bwana ku Lusaka amadziwa kliniki yoti apiteko, ali ndi foni ya intaneti, ali ndi ndalama, ndipo dzina lake silimveka pa msika. Mwana wa mlimi wa fodya ndi soya ndiye amafunsa mnzake wa m'kalasi, mnzakeyo n'kufunsa mlamu wake, mpaka kukafika kwa munthu amene sadziwa ngakhale kuwerenga miyezi ya mimba.

Koma tichenjere nawo mafilimuwa, chifukwa ena amakometsa zimene sizikoma. Vera Drake ndi mayi wachifundo amene salandira ngakhale khobidi, wofika ndi kumwetulira, wothira tiyi. Filimuyo itatuluka, mzamba wina wa ku Britain, Jennifer Worth, amene anagwirapo ntchito m'madera osauka a London, analemba kuti njira imene ikuonetsedwa mmenemo inali yopweteka koopsa ndi yakupha, ndipo sikanatheka kuchitika mwakachetechete chotero kwa zaka zambiri. Call Jane nayo imasiya woonera akumwetulira. Ife tisanamizane. Kuseri kwa kwathu kulibe Jane. Kuli mtengo wa chinangwa, kuli mizu yosadziwika muyeso, kuli mapilisi a malungo omwedwa chodzaza dzanja, kuli mapilisi enieni a kuchipatala ogulitsidwa m'thumba ndi munthu amene sanafunse kuti mimbayo ndi ya miyezi ingati ndipo sadzayankha foni magazi akakana kuleka. Filimu ya Mungiu ndiyo ikufanana kwambiri ndi zimenezi. Bambo wotchedwa Bebe, ataona kuti atsikana awiri a pa yunivesite alibe ndalama zokwanira, akuwauza m'chipinda cha hotela kuti alipire ndi matupi awo, onse awiri. Ndi atsikana angati a kwathu amene analipira chimodzimodzi, n'kufa nacho chinsinsicho mumtima? Ndani akudyerera pa mantha awo, ndipo bwanji iyeyo timamupatsa moni pa msika pamene mtsikanayo tikumuloza chala?

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati pa mimba zochotsedwa padziko lapansi, 45 pa 100 zilizonse zimachotsedwa m'njira yoika moyo pachiswe, ndipo muno mu Africa ndi pafupifupi zitatu pa zinayi zilizonse. Limanenanso kuti zikachitika motsatira njira za chipatala, m'manja mwa munthu wophunzitsidwa, ngozi imakhala yochepa kwambiri. Masewero athu amaonetsa imfa yokha ngati kuti palibe kusiyana pakati pa ziwirizi. Mtsikana amene waonera masewero otere moyo wake wonse, adzakhulupirira bwanji kuti kuchipatala n'kosiyana ndi kwa gogo wa chikho uja?

Filimu imene tikanakonda kuti aliyense wa kuno aione ndi ya ku Chad, yotchedwa Lingui, ya Mahamat-Saleh Haroun, imene inaonetsedwa ku Cannes mu 2021. Amina ndi mayi wolera yekha mwana, kunja kwa mzinda wa N'Djamena. Amang'amba matayala akale, kuchotsamo waya, n'kuluka mbaula zogulitsa. Abale ake anamutaya kalekale chifukwa anabereka asanakwatiwe. Tsiku lina akumva kuti mwana wake Maria, wa zaka 15, wachotsedwa sukulu chifukwa ali ndi pakati, ndipo Maria akunena mosapita m'mbali kuti mimbayo saifuna, safuna kukhala moyo umene mayi ake akhala. Amina ndi wopemphera, amaopa Mulungu, amaopa imamu wa pa mzikiti, amaopanso ndende. Haroun sakuthamangira kuweruza aliyense. Akungotionetsa mayi akulimbana ndi chikumbumtima chake, akuyenda khomo ndi khomo, akusowa ndalama, mpaka amayi anzake, kuphatikizapo m'bale wake amene anasiyana naye kalekale, akumugwira dzanja. Kumapeto kwenikweni ndi kumene kukuululika kuti mimbayo ndi ya bambo wachikulire woyandikana nawo nyumba, wooneka waulemu, yemwe ankafunsira Amina banja, ndipo anachita kumugwirira mwanayo.

Pali china chachilendo pamenepa kwa munthu wa kum'mawa kuno? Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati, ndipo m'chigawo chathu cha Kum'mawa chiwerengerocho chinali pafupifupi 40. Mimba zonsezo anapereka ndi anyamata anzawo a m'kalasi? Malamulo athu amati wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 akakhale kundende zaka zosachepera 15. Ndi milandu ingati yotere imene imafika kukhoti, ndipo ndi ingati imene imathera pansi pa mtengo, akuluakulu a mbali ziwiri atagwirizana za dameji, ng'ombe kapena mbuzi zitasintha khola? Pa bwalo limenelo alipo amene amafunsa mwanayo kuti iye akufuna chiyani? Alipo amene amauza mayi ake kuti lamulo la 2005 linalembedwera mwana ngati ameneyu?

Luso la kanema sitikusowa. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anapambana mphotho ya BAFTA mu 2018 ndi I Am Not a Witch, ndipo mu 2024 anapatsidwa ulemu ku Cannes chifukwa cha On Becoming a Guinea Fowl, filimu yoonetsa banja la ku Zambia lili pa maliro a malume amene ankagwirira ana a m'banjamo, azakhali akulimbikira kuti zisatuluke ndipo mlandu wonse akuukankhira kwa mkazi wamasiye wachichepere. Ku Malawi, Shemu Joyah anaonetsa mu Seasons of a Life mtsikana wantchito amene bwana wake anamupatsa mimba. Pa Zambezi Magic, Mpali ndi Zuba zasonyeza kuti anthu athu amakhala pansi madzulo alionse kuonera nkhani za kwawo. Tsono chikuletsa n'chiyani kuti wina ajambule, m'Chichewa chathu chino, ulendo wa mayi ndi mwana wake kuchokera kumudzi kukafuna siginecha zitatu? Filimu yotere siifuna gogo wa maso ofiira. Ikufuna benchi la pa kliniki pamene pakhala neba wodziwa aliyense, namwino wotopa amene akuopa Mulungu ndi lamulo nthawi imodzi, kondakitala wofuna ndalama yake, ndi mwamuna uja akudutsa pa njinga yamoto osacheuka.

Ikanathanso kujambulidwa kumalire. Mwezi wa Ogasiti chaka chilichonse Achewa a maiko atatu amakumana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Chinamwali chawo ndi chimodzi, chilankhulo ndi chimodzi, koma malamulo a mimba ndi atatu. Ku Mozambique lamulo la 2014 limalola mayi kupempha chithandizochi mpaka mimba ya masabata 12. Ku Malawi, kungodumpha malire kuchokera kuno, lamulo la nthawi ya atsamunda lakhala likulola pokhapokha pofuna kupulumutsa moyo wa mayi, ndipo mu Malichi 2021 aphungu a ku Lilongwe anakana ngakhale kukambirana bilu yofuna kulisintha. Kodi kuletsako kunathetsa mchitidwewu? Ofufuza a Guttmacher Institute pamodzi ndi a College of Medicine ku Blantyre anawerengera kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi. Kuletsa sikunathetse, ndipo kwathu kuno kulola mwakachetechete sikunapulumutse. Sitingaphunzirepo kanthu pa abale athu a mbali zonse ziwiri?

Tikudziwa kuti owerenga athu ambiri ndi anthu a mpingo, ndipo sitikuwanyoza. Frederick Chiluba analengeza mu Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Mu 2016 panali referendamu ya Bill of Rights imene inali ndi mawu oti moyo umayambira pamene mayi watenga pakati, koma inalephera chifukwa mavoti sanafike pa mlingo wofunika. Amene amakhulupirira kuti kuchotsa mimba ndi tchimo ali ndi ufulu wolalikira zimenezo, ndipo lamulo la 1972 lomwelo limalola dokotala kukana kutengapo mbali chifukwa cha chikumbumtima chake, kupatula pamene moyo wa mayi uli pangozi. Funso lathu kwa abusa, madikoni ndi amayi a chigwirizano ndi lina. Mtsikana amene wamvera ulaliki wanu n'kusunga mimba yake, mumamulandira bwanji Lamlungu lotsatira? Amakhala pa benchi liti? Boma linalola kuyambira 1997 kuti wobereka azibwerera kusukulu, koma ndani amamulerera mwana, ndani amamutchinjiriza ku chipongwe cha anzake? Ngati wosunga mimba timudula mumpingo, timuseka pa chitsime, timukwatitsa kwa yemwe anamuwononga, tikudabwa chiyani mng'ono wake akasankha kuseri? Ndipo ngati tikufunadi kuti mimba zochotsedwa zichepe, bwanji timakalipira mtsikana wobwera kudzafunsa njira zolera, pamene tonse tikudziwa kuti akabwerera chimanjamanja adzabweranso pa machira?

Amayi a kwathu kusunga chinsinsi amakudziwa. Mtayo ukachitika, ndi amayi akuluakulu okha amene amanyamuka kukaika, popanda mwamuna, popanda mfuu. Anamkungwi, alangizi, azamba a m'midzi ndi odzipereka a magulu a uchembere wabwino a SMAG amadziwa za m'nyumba iliyonse zimene mfumu sizidziwa. Chimene opanga mafilimu a kunja amachitamanda ngati chodabwitsa, amayi kugwirana manja mobisa, ife tili nacho kuyambira kale. Vuto ndi loti mgwirizano umenewu nthawi zambiri umatha pa kubisa manyazi a banja. Bwanji sungakhale njira yofikitsira mtsikana kuchipatala msanga? Namkungwi amene amaphunzitsa namwali za mchere ndi mdulo, chingamulepheretse n'chiyani kumuphunzitsanso kuti akagwiriridwa athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, kuti kuli mankhwala oteteza ku HIV ndi ku mimba amene amagwira ntchito m'masiku oyambirira okha?

Kwa akuluakulu a zaumoyo m'chigawo chino tikuti: masulirani lamulo la 1972 ndi malangizo a 2017 m'Chichewa chomveka, mumate pakhoma la kliniki iliyonse, ndipo mutumize dokotala akaliwerenge pa Breeze FM anthu amufunse mafunso. Kwa aphungu athu: kafunseni ku nyumba ya malamulo ngati siginecha zitatu zikuteteza mayi wa kumudzi kapena zikungomutsekereza. Kwa achinyamata amene muli ndi makamera ku Kapata ndi ku Mchini: lekani kupha mtsikana m'filimu iliyonse, mulondoleni mwamunayo, ndipo mufunse anamwino musanalembe nkhani yanu.

Ndipo inu mayi, inu bambo, inu azakhali: mwana wanu akayamba kutaya magazi, kutentha thupi kapena kumva kupotokola m'mimba mosadziwika bwino, musayambe ndi mafunso, musadikire kuti kuche, musaitane bwalo la abale. Zipatala za boma zimathandiza aliyense wofika ndi vuto lotere, kaya mimbayo yapita padera yokha kaya ayi. Pezani njinga, ngolo kapena galimoto, mupite naye usiku womwewo.